Mapagoda a ku Linga

Anandipeza pa depoti ndikupopa tayala lakumbuyo,
mayi wamfupi, chipewa cha mlaza kumutu,
wobwera kudzayeza madzi m'minda ya mpunga ku Bua.
Dzina lake Thida. Langa Twaibu, wakabaza,
koma Loweruka ndimasanduka woperekeza alendo.
Anati, kwathu tsiku lopuma timapalasa njinga
kukaona mapagoda. Kuno ali kuti?
Ine ndinkayesa akunena mtundu wa nsomba.

Anatulutsa foni yong'aluka pakona:
nsanja za njerwa zofiira, zosongoka ngati chulu,
zochuluka kuposa migwalangwa ya kudambo,
zina zagolide, zina mitengo itamera pamutu.
Mkatimo, anati, Buda wakhala chete
zaka mazanamazana osasintha mwendo.

Ndinati, mayi, zimenezo kuno kulibe.
Koma mwalipira kale. Kwerani ya mphwangayi,
buleki imagwira yakumanja yokha.

Tinayambira ku mzikiti wakale.
Ndisanatsegule pakamwa anali atavula nsapato,
wazindanditsa pambali pa zanga.
Anangogwira khoma, laimu n'kumutsalira m'manja.

Mchenga wa kuno sudziwa mlendo.
Unameza tayala lake kuseri kwa chigayo,
anagwa cham'mbali ngati thumba la makaka,
ana n'kuseka mpaka wina kutaya chidebe.
Anadzuka akuseka nawo, chigongono chitasupuka,
tcheni chitavuka. Ndinachibwezera ndi kamtengo.

Pansi pa mkuyu ndinanena mawu anga a masiku onse:
zombo za matanga, magoli m'makosi,
anthu owerengedwa ngati mbuzi
amene anawoloka osabwerako.
Ndimawanena mothamanga, ndinawaloweza kalekale,
alendo amajambula, basi timanyamuka.
Uyu sanajambule.
Anazungulira mtengowo katatu,
pang'onopang'ono ngati wasenza ndowa yodzaza,
kenako anafunsa: a kwanu analipo?

Funso limenelo palibe anandifunsapo.
Ndinati sindikudziwa, mayi.
Mwina anali omangidwa.
Mwina anali ogwira chingwe.
Kwathu nkhaniyi timaidutsa ngati mudzi wa ngongole.

Ku tchalitchi tinapeza azimayi akukolopa,
wina akukangana ndi mnzake za tsache.
Anayang'ana belu, nati akwawo ndi ang'onoang'ono,
amalendewera m'mphepete mwa denga,
woimba wake ndi mphepo, salandira malipiro.

Dzuwa lili paliwombo tinagawana chinangwa chokazinga
ndi tsabola wa m'botolo la mankhwala.
Ine maso anafiira. Iye anapempha wina.

Ku Mawira anaviika chigongono m'madzi otentha
otuluka pansi popanda wosonkhezera,
ndipo akuyang'ana nthunzi, osati ine, anati:
bambo anga ankandikweza pakaliyala,
miyendo yanga isanafike pa mapedulo,
ankatchula nsanja iliyonse ndi dzina lake.
Anamwalira m'mwezi wa Febuluwale.
Ine ndinali kuno, mpunga uli m'madzi.

Ndinati pepani.
Mawu amenewo ndi aafupi ngati sipoko yothyoka,
koma ndi amene ndinali nawo.

Pobwerera ndinamva kumbuyo kuli zii.
Ndinati tcheni chija chavukanso.
Ayi. Anali ataima m'mbali mwa msewu
patsogolo pa chulu chofiira, chachitali kuposa nyumba,
kamtengo katamera pamutu,
mbali ina oumba njerwa atachidya kale.
Anavulanso nsapato, pa minga pomwepo.
Ine ndinagwira njinga ziwiri ngati mbusa,
malole a nzimbe akutithira fumbi,
ola limene sitinagwirizane likutha.
Sindinamuwerengere.

Lolemba ndinadutsa pomwepo
nditakweza bambo wonenepa ndi nkhuku zake zitatu.
Miyendo inaleka yokha kupalasa.
Bamboyo anati, watopa kale, mnyamata?
Ndinati ayi, bwana, pano pali mchenga.