Mapini M'kamwa

Lachitatu la Sabata Loyera, kuno ku Cebu,
amene amaveka Amayi a Chisoni ndine.
Chaka chino n'chakhumi ndi chinayi.
Ndimakwera pampando, mapini ali m'kamwa,
chitseko chotseka,
fani ikungopukusa mutu ngati inakana kalekale.

Ndikuuzeni zimene mdipiti sudziwa.
Pansi pa nsalu yakudayo palibe thupi:
timitengo tokhoma ndi misomali, nkhope ndi manja, basi.
Tsitsi lija ndi wigi,
analimeta pamutu pawo Manang Perpetua
mwana wawo atabwerako wamoyo kunyanja.
Misozi isanu ya m'masaya ndi timagalasi,
ndipo guluu amene ndimayimatira
ndi yemweyo wa nsidze zanga Loweruka usiku.
Zonsezi ndimazidziwa.
Ndikamaliza ndimatsika, n'kugwada.

Masana ndine Eleuterio, telala wa pakhonde kufupi ndi msika wa Carbon,
wofupikitsa mathalauza a ana asukulu.
Loweruka, kuseri kwa bala ina ku Mango,
pakati pa makreti a mowa ndi galasi long'aluka,
ndimapala ndevu kawiri,
ndimadzifinya m'diresi losoka ndekha,
nsapato za gogoda zopweteka ngati kulapa,
n'kukhala Milagrosa.
Ndisanakwere pansanja ndimachita chizindikiro cha mtanda
mosamala, chikhadabo chingakole wigi.
Kolona wa malemu mayi ali m'kamisolo, pakati pa masiponji.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkaulula diresi.
Padre Abundio ankausa moyo kuseri kwa kansalu,
kundipatsa mapemphero atatu, ine n'kubweranso mwezi wamawa.
Koma bodza lenileni sindinaliulule:
mawu aja ndinkawanenepetsa dala patebulo pa bambo,
chibwenzi chija ndinapeka, Luzviminda wa ku Bohol,
amene ndinakhala naye zaka zinayi asanabadwe n'komwe.
Chigoba chinali chimenecho.
Milagrosa sananamizepo munthu.
Amatuluka poyera ndi kholingo lake lachimuna,
ndipo akatambasula manja m'kuwala kofiirako
ndimamva kuti Wondiumba sakuyang'ana kumbali.

Chaka chino vidiyo inayenda m'mafoni.
Mayi Villacin a komiti ya guwa analowa osagogoda,
ndili pampando, nsalu ya kumutu ili theka.
"Manja amenewo," anatero, "Loweruka anali kuti?"
Sindikanayankha. Mapini.
Ndinawalavulira m'chikhatho, ndinatsika, n'kuwapatsa onse.

Anakwera, ndi mawondo awo ovutawo.
Koyamba nsalu inaterereka.
Kachiwiri inakoka wigi,
mutu wa Amayi n'kukhala pamtunda, dazi la thabwa,
pali nambala ya pensulo ya mmisiri amene anafa kale.
Tonse tinangoti zii.
Panja jipini inaliza hutala,
ana a kwaya akuphonyabe mzere womwewo.

Ine n'kuti nditagwira mpando kuti asagwe.
Sindikudziwa ndinaugwira liti.

Anatsika pang'onopang'ono,
dzanja paphewa panga poti panalibe pena pogwira.
Sanapepese. Inenso sindinapemphe kanthu.
Anaima pansipo, chikhatho chotambasula,
n'kumandipatsira pini imodziimodzi,
maso ali kukhoma.

Lachisanu Amayi anatuluka pakati pa makandulo,
lubani, thukuta, anyamata ogulitsa madzi ozizira.
Anthu analira poona misozi ya guluu wanga ija.
Komiti ikumana pambuyo pa Pasaka;
mwina chaka chamawa adzawaveka wina.
Ndinayenda kumbuyo kwenikweni, wopanda nsapato,
matuza a gogoda akupsa paphula,
ndipo pakona ya sitolo ya mankhwala
Mayi Villacin anabwerera m'mbuyo, kandulo ili m'manja,
n'kundinong'oneza mokalipa:
"Kumanzere kwalendewera.
Ukudikira chiyani? Pita ukakonze."