Khitchini Yachisanu n'Chinayi

Inali khitchini yachisanu n'chinayi
chitsikireni sitima ku Groningen
ndi chikwama chimodzi, kalata ya kuyunivesite
ndi mayuro amene bambo anga anawerenga kawiri
patebulo kwathu ku Terneuzen asanandipatse.

Tinalipo khumi ndi anayi. Chipinda chimodzi.
Anatikhazika pamakireti a mowa,
mayina atatimata pachifuwa ngati katundu wa m'sitolo.
Eni nyumba, ana anzathu omwe, ali phee pasofa
ndi kope ndi cholembera.
Wa tindevu towerengeka, Sjoerd, anafunsa:
"Ukanakhala chiwiya cha m'khitchini muno, ukanakhala chiti?"
Wina anati mpeni. Kuseka.
Wina anati chotsegulira botolo, anamuombera m'manja.
Ine maso anali pasinki
pomwe mbale za sabata yatha zinali zitamera ubweya.
"Siponji," ndinatero.
Cholembera sichinagwedezeke.

Anationetsa chipindacho mmodzimmodzi:
masitepe oima njo ngati makwerero,
denga lopendekeka loti uzigwada povala malaya,
zenera loyang'anizana ndi khoma.
Mayuro mazana asanu ndi makumi anayi, magetsi padera.
Ndinachikonda. Sindinama, ndinachikonda
monga wonyowa akondera khonde la eni ake.

Yankho limabwera usiku, mawu ake omwe aja:
tasankha wina, usataye mtima.
Mtima sindinataye. Ndinataya mayuro mazana atatu
kwa mkulu wina wa zithunzi zokongola
amene anati ali kunja, kiyi atumiza papositi.
Ndinapita pamsewu umene anatchulawo.
Nambala 62 ndi pokonzera njinga.
Bambo anga sakudziwa mpaka lero.

Masabata atatu ndinagona pansi kwa Marrit,
mapazi kunsi kwa desiki, mutu pansapato zake,
kusamba monyang'ama ngati mbala
kuti mwini nyumba asamve madzi akutsikira anthu awiri.
M'kalasi akutchula mafupa a dzanja limodzilimodzi,
ine ndikuwerenga zala: lendi, chakudya, mabuku,
zala zatha, ndalama inatha kale.

Kapepalako ndinakapeza pabolodi la m'supamaketi,
pakati pa mphaka wosowa ndi njinga ya mwana yogulitsa,
kolembedwa ndi dzanja lonjenjemera.
Ku Ten Boer, kunja kwa mzinda.

Bambo Wiersema anatsegula atavala majuzi awiri.
Za ziwiya sanafunse.
Anafunsa ngati ndimamenyetsa zitseko,
ngati ndingamawatulutsire bini Lachiwiri
popeza bondo lawo linakana ntchito.
Chipindacho ankasokeramo malemu akazi awo.
"Makinawa sachoka," anatero. "Zinazo suntha mmene ufunira."
Mazana awiri ndi makumi asanu, magetsi momwemo.
Ndinazyolika kuti asaone nkhope yanga.

Usiku womwewo ndinaimbira bambo anga: "Ndapeza."
Anakhala chete, kenako: "Zenera lilipo?"
Lilipo. Limayang'ana munda wa mbatata
ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi za munthu wina.

Pafupi ayi, si pafupi.
Mphindi makumi anayi panjinga m'mbali mwa ngalande,
mphepo yondikankha pachifuwa popita
imatembenuka masana kudzandichingamira pobwerera.
Ndimalowa m'kalasi thalauza itamatirira m'miyendo,
anzanga a m'tauni tsitsi lili louma.
Walira mvula walira matope,
ndipo kuno zonse ziwiri n'zaulere.

Dzulo ndinaponda singano pakapeti.
Ndinaizula, ndinaipukuta, ndinakoka kadirowa ka makina:
muli zinzake, ndi mabatani, ndi ulusi wobiriwira
umene unatsala pakati pa ntchito.
Ndinaiika momwemo.
Pansi bambo Wiersema anakweza wailesi, nthawi ya zanyengo,
n'kufuula chokweza pamasitepe:
"Jacomien! Mawa kuli mphepo, udzuke msanga!"
Chitseko ndinatseka ndi manja awiri.