Funso la Malikisi Asanu

Denga ladonthera pa tsamba 47,
pomwe pali nkhani ya mkazi wamasiye.
Aphunzitsi a Kulkarni anatiwerengera dzulo
akuyenda pakati pa madesiki, choko m'manja:
mmene anamuswera zibangili pamwala wochapira,
mmene anafufutira utoto wofiira pamphumi pake
ndi chala chimodzi, ngati samu yolakwika.
Pansi pake pali timawu ting'onoting'ono:
Miyambo imeneyi inatha kalekale.
Fotokozani m'ziganizo zisanu mmene banja lasinthira.
Malikisi asanu.

Ndakhala pakhonde lakuseri, kope pamaondo.
Makina oluka nsalu a bambo akugogoda kuseri kwa khoma,
Solapur yense amagogoda chonchi mpaka magetsi atathima.
Pambali panga azakhali Sindhu akusankha mphodza,
sari yawo yoyera yatuwa ndi sopo wa zaka khumi ndi zisanu.
Sadya anyezi. Sadya kawiri patsiku.
Paukwati wa achemwali anaima kuseri kwa thanki yamadzi
kuopa kuti mthunzi wawo ungagwere mkwatibwi.

"Werenga mokweza," akutero.
"Maso anga sadziwa zilembo, koma makutu sanafedwe."

Ndikuwerenga.
Pofika pa zibangili ndikutsokomola, ndikudumpha ndime.
"Wadumpha," akutero osadzutsa mutu.
"Sizisweka nthawi imodzi. Chomaliza chimakana."

Ndafika pa timawu tija.
"Kalekale," akubwereza, ngati akulawa mchere.
Kamwala kachoka mu mphodza, kagwera m'ngalande.
"Nanga mayiyo ankadya chiyani madzulo?"
Bukuli silikunena, azakhali.
"Ankagona chipinda chiti?"
Silikunena.
"Ndiye amene analemba sanalowe m'nyumbamo,
anasuzumira pazenera."

Pabalaza pali banga lambee pakhoma
pomwe pankakhala chithunzi cha achimwene Hrishikesh.
Anakwatira ku Pune mtsikana wamtundu uja
amene kapu yawo timaiika payokha pashelefu.
Bambo amati anabereka ana aakazi okhaokha,
koma msomali sanauzule.
Amayi amakwera padenga usiku kukaanula zovala zouma kale,
foni m'bulauzi,
kukanong'oneza mpongozi muyeso wa chikasu mu ndiwo.
Ndipo ndalama ya sitima tsiku lija,
ndikudziwa, ndinaona,
inachokera m'ndolo imodzi yagolide
imene azakhali anaibisa m'chitini cha mpunga
tsiku lomwe ankawavula zonse.
Izi sizili pa tsamba lililonse.

Ndalemba zomwe aphunzitsi amafuna:
Atsikana akupita kusukulu.
Mabanja aakulu akugawikana.
Amasiye akukwatiwanso.
Achinyamata akudzisankhira okha mbanja.
Zinayi, zoongoka ngati ulusi wa pamakina.

Chachisanu chinakana.
Ndinatafuna bolopeni mpaka magetsi anathima,
makina anakhala chete,
ndinamva bambo akuitana mlongo wawo mumdima,
"Tai, wadya?"
funso lomwe amafunsa usiku uliwonse, yankho akulidziwa.
Ndipo pa kuwala kwa kandulo ndinalemba:
Kwathu kalekale amagona chipinda chakuseri,
ndipo m'mawa amandiluka tsitsi.

Lolemba kope labwera.
Anayi mwa asanu.
Chiganizo chomaliza achizunguliza ndi inki yofiira,
pambali alemba: Sichili m'phunziro.
Koma pondipatsa, a Kulkarni anagwira kopelo nthawi yaitali,
ndipo ndinaona koyamba kuti mikono yawo ilibe zibangili.

Madzulo ndawaonetsa azakhali.
Apukuta manja m'sari, alandira ndi manja awiri,
kope lili chadodolido.
Sanafunse za malikisi.
Chala chawo chayenda pang'onopang'ono pamzere wofiira uja,
chazungulira, chabwerera pomwe chinayambira.
"Apa ndi pati?"
Ndi inuyo, azakhali.
Ayang'ana nsonga ya chala, ngati inkiyo yawatsalira.
"Utoto wabwino," atero.
Kenako, "Loweruka ukandiwerengere maina a masiteshoni.
Akuti mwana wa Hrishikesh wayamba kukwawa."