Kutentha kwa ku Tete

Ndinapita ku Tete ndi kachikwama ka zovala,
ndinabwerako ndi kutentha.

Kuno ku Ulongwe mu Juni
chisanu chimaluma zala za ana asukulu,
koma ine pakati pa usiku
ndimakankha bulangete,
thukuta kamukamu ngati wolima dimba masana.
Bambo a Lurdesi amatembenuka, amvekere:
"Wayambanso Tete wako uja?"

Dokotala anajambula pakapepala
timatumba tiwiri ta mazira,
kukula kwake ngati masau.
"Aka kali ndi chotupa.
Mukuti akulu anu anapita ndi khansa yomweyi?
Tichotse tonse tiwiri."

Zefina.
Mimba inatupa, pamsika ankamuseka kuti ali ndi pakati paukalamba.
Ankakhuta atangolawa.
Tinamwetsa mizu miyezi isanu ndi iwiri,
pofika kuchipatala n'kuti madzi atafika m'khosi.

Ndinasayina.
Dzanja silinanjenjemere,
linadzanjenjemera m'chapa, pamlatho,
Zambezi akudutsa pansi osandiyang'ana.

Zaka makumi anayi ndi chimodzi,
mwezi wandisiya.
Umatuluka pamwamba pa mabulugama
ngati mnzanga wakale amene sitilonjerananso.
Tinsalu tija ndinatitentha kuseri kwa khola.
Tsopano ndimathira mchere m'ndiwo tsiku lililonse,
palibe wondiletsa,
ndipo tsiku lina ndinalira nditagwira mcherewo m'manja.

Namwino anati mafupa ayamba kufooka,
choncho kapenta ndimatafuna ndi minga yomwe.
Thumba la kachewere limene ndinkasenza ndekha
amanditula ndi anyamata, mametikali khumi.
Ndimapsa mtima ndi nkhuku.
Ndimaiwala chenji.
Zakuchipinda nazo zauma ngati khwawa mu Okutobala,
tikuphunzira kuleza, ine ndi bambowa,
ngati tangokwatirana kumene.

Dzulo Lurdesi anandipeza ndikusamba,
anayang'ana chipsera, kuchoka pamchombo kutsika.
Ndinamugwira dzanja n'kuliyika pomwepo.
"Mwanawe, m'magazi mwathu muli mlendo.
Mimba ikadzatupa, ukadzakhuta usanadye,
usadzadikire mizu, usadzamvere a pamsika.
Ngakhale usanamve kanthu,
ukauze adokotala dzina la Zefina, ndi langa."

Sanayankhe.
Anandithira madzi kumsana,
ozizira, mmene ndimawafunira masiku ano.

Mawa ndi Loweruka, tsiku la msika.
Ndilawirira.
Amene adzaone mayi wopanda juzi m'chisanu,
akudzikupiza ndi katoni pambali pa sikelo,
asadzamve chisoni.
Adzagule kachewere.