Chikwangwani cha a Chimphepo

Ndimalemba zikwangwani ku Biwi,
kuseri kwa galaja ya a Matewere,
komwe fungo la penti limalimbana ndi la oilo
ndipo liwu lililonse lili ndi mtengo wake.

Lachiwiri kunabwera a Chimphepo,
foni kukhutu, pepala kumanja.
Akuti agula malo ku Senga Bay,
akufuna cholembedwa chokhoma pageti
Khirisimasi isanakwane.

Ndinaliwerenga chiimire.
Kulowa: zikwi zisanu munthu mmodzi.
Osabwera ndi chakudya cha kwanu.
Osachapa, osatsuka mbale, osamwetsa mbuzi.
Ogulitsa malonda athere pamsewu.
Osataya mabotolo.
Ana asalowe m'madzi popanda wamkulu.
Ndipo pansi, atadula mzere kawiri:
mchenga uno ndi wa alendo athu okha.

Ndinafunsa, malowo ali pati penipeni?
Akuti pamene pali mkuyu wopindika paja,
ngati mumakudziwako.
Ndinangoti eya.
Sindinawauze kuti pamzu wa mkuyuwo
mayi anga, a Nangozo, ankasiya sopo
poopa kuti mafunde angamunyambite,
kuti kabudula wanga wa sukulu
anauma zaka zisanu ndi zitatu pamchenga umenewo,
kuti njira yotsikira kumadzi
inapondedwa ndi mapazi osadziwa nsapato
geti lisanalotedwe n'komwe.
Kasitomala sauzidwa maliro.
Tinagwirizana mtengo, anapereka theka.

La mabotolo ndinalemba ndi dzanja lopepuka:
chipsera chili kuphazi langa lamanzere
chinavomereza chilembo chilichonse.
La ana ndinalipaka penti kawiri,
ndikukumbukira Sitolo, mwana wa malume,
amene tinamufuna masiku awiri ndi mabwato.
Malamulo ena ndi abwino ndithu,
amabwera mochedwa chabe.

Pa lomaliza lija burashi inauma m'manja.
Fatsani, mnyamata wondisakanizira penti,
anati, bwana, mwatopa?
Nanga pa Tsoka paja
sitilipira powoloka mtsinje wa Lilongwe?
Ndinati inde, timalipira,
koma mwini mlatho anasenza matabwa,
anagula misomali,
mvula ikaukokolola amakhomanso.
Nanga nyanja anaikhoma ndani?
Mchenga anautuuta pa wilibala ndani?
Fatsani anaseka, nati,
lembani bwana, lendi ndi Loweruka.

Ndinalemba.
Zilembo zofiira, zowongoka ngati asilikali.
Ntchito yanga sindiichita mwaulesi,
ngakhale yondiluma.

Madzulo ake Thokozire anabwera kuchokera kusukulu,
chikwama kumsana, fumbi la ku Mchesi m'miyendo.
Madzi aakulu amene iye anawaonapo
ndi a m'ngalande za ku Malangalanga mu Januwale.
Chaka chino ndinamulonjeza nyanja.
Anaima patsogolo pa chikwangwani chonyowa
nawerenga mokweza, mawu amodzimodzi,
chala chili m'mwamba kuopa penti.
Atamaliza anafunsa:
adadi, ifeyo tikapita,
tikakhala alendo kapena eni ake?

Ndinamutuma kukagula machesi.

Pakona yakumunsi, pomwe ndimaika nambala yanga ya foni,
panatsala malo okwana chikhatho.
Ndinaviika burashi yaing'ono ija,
ya mayina a pamitanda,
ndi kujambula muvi woloza kumanzere,
pansi pake timawu tiwiri: njira yakale.
Sindinawawerengere pa mtengo.

A Chimphepo anabwera Lachisanu,
foni kukhutu,
anayang'ana zofiira zokhazokha,
nati mwagwira ntchito.
Anyamata anachikweza pa galimoto chafufumimba,
anachimanga ndi linya,
chinaloza msewu wa ku Salima.

Sindikudziwa ngati njirayo ikadalipo.
Mwina mpanda unaimeza kale,
mwina muvi wanga ukaloza khoma.
Ndasunga zikwi khumi m'chitini cha penti,
zanga ndi za Thokozire,
kuti mwina tikafika pageti
mlonda akatiuze kuti tiwerenge kaye malamulo,
mwana n'kunena kuti, izi analemba ndi adadi,
mlonda n'kutambasulabe dzanja.