Tsiku Langa la Sikelo

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikukoleka ana a eni
pa mbedza ya sikelo, panthambi ya mtengo wa mapichesi,
kudikira muvi uleke kunjenjemera
ndisanaike kadontho m'kabuku.
Lero wopimidwa ndine.

Uthenga unati: Lachinayi mufike ku boma,
thiransipoti mudzionere.
Ndatsika ku Tsangano pamwamba pa matumba a kachewere,
fumbi mpaka m'mano,
ndasamba kumaso pampopi wa kuseri kwa chipatala
kuti ndioneke munthu.

A Kansilanga akankhira fomu mbali yanga.
Masamba anayi.
Akuti, Mayi Chimkwita, yambani mwadzipatsa nokha malikisi,
kuyambira limodzi, kulekeza asanu.
Bolopeni yandilemera ngati khasu lobwereka.
Diso lidziona bwanji lokha?

Mzere woyamba: kusunga nthawi.
Nthawi yake iti, bwana?
Ya mu Juni, chifunga chitameza phiri,
tcheni cha njinga chitaduka pachitunda,
ine ndikukankha, bokosi la katemera lili kumsana,
zala zitauma gwa?
Tsiku limenelo ndinafika mochedwa, n'zoona.
Amayi anandidikira. Palibe anachoka.

Mzere wachitatu ukufuna chiwerengero.
Ndili nacho, ndachiloweza ngati katekisimu.
Koma Joakina mulibe m'menemo.
Anabwera kumsana kwa mayi ake kuchokera tsidya la malire,
wopanda khadi, wopanda mudzi m'kaundula wanga,
tepi ya pamkono itafika pofiira.
Miyezi itatu ya chiponde,
Loweruka lililonse ine ulendo, osatumidwa ndi munthu.
Dzana ndam'peza akuthamangitsa nkhuku.
Ndatembenuza masamba onse anayi,
kabokosi ka Joakina sindikukaona.

Ndalemba anayi, dzanja likuchita manyazi.
A Kansilanga avula magalasi, apukuta, avalanso.
Akuti musandione kuipa mtima,
akulikulu anati mwa anthu makumi atatu
opambana asapitirire awiri. Thumba ndi laling'ono.
Mmodzi ndi Fanizo.
Fanizo sindimuda ine.
Malipoti ake amafika pa tsiku lake, otayipa, a mizere yowongoka,
nyumba yake ili pafupi ndi netiweki,
dzina lake mabwana salifunsa kawiri.
Winayo sananditchulire, inenso sindinafunse.

Bonasi ija ndinali nditaidya kale m'mutu:
malata asanu ndi atatu a chipinda chodontha,
fizi ya Elube ya teremu yachiwiri,
chotsala, tayala lakumbuyo.
Ndinafika mpaka pomuuza kalipentala kuti asapite kutali.

Afufuta anayi anga mwaulemu, alemba atatu.
Pambali pake mawu osindikiza kale:
amakwaniritsa zoyenera.
Sainani apa.
Ndasaina, dzina langa lapendama ngati laledzera.
Ndili pakhomo andiitana, mawu atatsika:
Inenso anandipatsa atatu, mayi,
munthu wake sanapondepo mu ofesi muno.
Tinaseka. Kuseka kwake kwa pamaliro.

Lachisanu m'mawa chisanu chili m'mafupa,
amayi afola kale pansi pa mtengo uja, zitenje pamapewa.
Nangozo akufunsa, zayenda bwanji ku boma, adokotala?
Ndati zayenda.
Ndamanga chingwe panthambi,
ndabweza muvi pa ziro, ndayang'ananso kachiwiri,
chifukwa sikelo ikanama, ndanama ndine.

Woyamba kukwera ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri,
wamakani, akupalasa mlengalenga ndi timiyendo,
akulira ngati tam'bera munda.
Muvi ukuvina.
Mzere ndi wautali, ena akuti fulumirani, kudimba kukutidikira.
Sindifulumira.
Ndikudikira aleke kupalasa,
ndione kulemera kwake kwenikweni,
ndilembe komweko.