Mipando ya Ana

Ana akaweruka, ife timalowa.
Fungo la choko ndi thukuta lawo likadali m'chipinda,
mipando ndi yawo, yaifupi,
ndipo a Jailosi Matewere akakhala
mawondo amafika pachibwano.
Saseka. Amavula chipewa n'kuchiika pa desiki
ngati alowa m'tchalitchi cha eni.

Sabata yoyamba ndinabwera ndi buku la ku ofesi.
Mphaka ali pa mphasa. Mwana akumwa mkaka.
Ine kuwerenga, iwo kubwereza,
anthu khumi ndi anayi otopa,
ena fumbi la simenti likadali m'nsidze.
Mayi Nachisale anagona pa tsamba lachitatu
pensulo ili chiimire m'dzanja.
Lachinayi anabwera asanu.

Ndinawalondola kwawo ku Tafara.
Ndinawapeza akuwerengera za tomato wa ku Mbare,
ndalama za mitundu iwiri,
ngongole za anthu khumi ndi awiri, zonse pamtima.
Anati: Aphunzitsi, mphaka ndili naye kale.
Ine ndikufuna mdzukulu aleke kundiwerengera
mauthenga a bambo ake a ku Joni,
chifukwa pena amadumpha.

Lolemba buku linatsala m'chikwama.
Ndinati aliyense abwere ndi pepala lomusowetsa tulo.
Anabwera nawo:
khadi la kuchipatala lothetheka m'mapindiro,
kalata ya penshoni,
bilu ya madzi amene satuluka pampopi,
botolo la mankhwala a shuga,
chitupa chonenabe kuti mwini wake ndi mlendo
chikhalirecho mchombo wake unagwera
m'Mabvuku momwe muno.

Che Amidu anabwera chimanjamanja.
Pepala langa ndi kombi, anatero.
Zaka makumi atatu ndathirira maluwa ku Highlands,
misewu ndimaidziwira mitengo yake,
koma pokwera ndimafunsa ana
ndipo ana a lero amaloza ndi mlomo.
Ndinalemba pa bolodi: MABVUKU.
Anamuyang'ana M nthawi yaitali
nati: awa ndi madenga awiri ogundana,
nyumba za khonsolo zenizeni.
Kuyambira tsikulo M ndi wawo,
wina akamuiwala amafunsa kwa iwo.

Magetsi akathima palibe amanyamuka.
Mafoni amayaka, kuwala kumagwera pa zala zong'aluka
zogwira pensulo ngati mpini,
pepala mpaka kubooka.
Iwo akuphunzira kufewetsa dzanja.
Ine ndikuphunzira kudikira,
kusamulanda munthu liwu
limene lafika kale pa lilime lake.

Nanenso amandikonza.
Chichewa changa n'chobadwira kuno,
chimatsamira Chishona ngati mpanda wotopa.
Ndikati tionana mangwana
Mayi Nachisale amagogoda desiki:
mawa, mwanawe, mawa!
Ndipo kalasi yonse imandibwerezetsa katatu.

Mu Julaye, chisanu chikulowera pa zenera losweka,
a Jailosi anachedwa.
Analowa chipewa chili kumutu
n'kundionetsa chala chachikulu cha kumanja,
choyera, chopanda banga.
Ku positi mtsikana anali atawakankhira kale inki yodindira,
iwo akuti anati: tandibwereka cholembera.
Mzere unang'ung'udza kumbuyo.
J anandivuta, anatero, amafuna kupindikira kwina,
koma ndinayenda naye mpaka e womaliza.

Kenaka anakhala pa kampando kaja,
mawondo pachibwano,
natulutsa envulopu yofiirira ndi zaka,
yochokera ku Ntcheu,
imene anthu atatu anawawerengerapo
aliyense mosiyana ndi mnzake.
Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire.

Iyayi, aphunzitsi.
Khalani pomwepo.
Mungondidzutsa ndikagwa.